Tsiku limene ndinatsekera makasitomala mu dilowa

Nkhani iyi ngakhale amuna anga sindinawauze yonse. Ndinangowauza kuti ku ntchito kunavuta pang'ono, iwo n'kupitiriza kumvera mpira.

Ndinali nditangoyamba ntchito yokonza mu ofesi ya kampani ina ya malole ku Limbe. Anandiuza kuti andiona kaye mwezi umodzi, akakhutira ndiye andilemba. Ili linali sabata lachitatu, ndiye ndinkakolopa ngakhale pamene palibe woponda.

Chinkandisowetsa mtendere chinali foni ya pa desiki ya a Fatuma, sekilitale wathu. Kumbuyo kwake kunali mawaya anayi opiringizana, fumbi lili mbuu. Wina wa magetsi, wina wochokera kukhoma, wina wopotanapotana wa cholankhulira chija amagwira m'manja, ndipo wina wa mahedifoni amene a Fatuma amavala kuti azilankhula uku akulemba. Ine kwathu ku Chinyonga ndili ndi mwana wokwawa, Tadala, amene chilichonse cholendewera amakoka. Ndiye waya ndikamuona ali lende, manja amandiyabwa.

M'mawa umenewo ndinafika anthu asanabwere. Ndinazula mawaya onse, n'kuwapukuta mmodzimmodzi, n'kuwabwezera. Awiri sanavute, mabowo ake ndi osiyana. Koma wa cholankhulira ndi wa mahedifoni mitu yake ndi yofanana ndendende, mabowonso chimodzimodzi. Ndinangoti chimene chalowa ndiye kuti ndi kwawo (nzeru za ku sitandade seveni zimenezo). Foni inayaka, ine mtima m'malo. Mahedifoni ndinawaika mu dilowa ya pansi, waya wake n'kumupinda bwinobwino, n'kumanga ndi kansanza ka chitenje. Pa desiki panawala.

Itakwana eyiti abwana analowa atavala suti, n'kufunsa kumene kuli a Fatuma. Ndinawauza kuti apita kaye kuchipatala ndi mano.

"Lero lomwe? Anthu a fakitale ya ku Makata aimba m'mawa uno kuti atiuze ngati atipatse ntchito yonyamula katundu wawo. Amaimba ya pa desikiyi. Tikapanda kuyankha apatsa ena."

Anakhala okha pa mpando wa a Fatuma, maso pa foni. Ine ndinali pakona kutsuka makapu.

Foni inalira. Abwana ananyamula cholankhulira. "Halo? Halo! M'mawa wabwino... Halo?" Zii. Anaika pansi, n'kupukuta thukuta.

Inaliranso. Zomwezo. Anagogoda cholankhulira pa chikhatho, kuuziramo mpweya, kuyamba kutukwana anthu a mafoni. Ine kapu inayamba kuterera m'manja, chifukwa ndinali nditamva kanthu. Khutu la mayi limamva mwana akangotembenuka kuchipinda. Kamawu kakang'ono ngati udzudzu kankati "halo, halo", ndipo kankachokera pansi pa desiki.

Apa ndinaima ngati chipilala. Ndikanena, adziwa kuti ndine, ntchito yatha. Ndikakhala chete, malole agona pabwalo, ndipo tsiku lina adziwabe. Ndinayamba kupempherera anthu a ku Makata kuti magetsi awazimire.

Inalira kachitatu. Abwana ananyamula. "Halo! Chonde musadule!"

"Bwana," ndinatero.

Anandikwezera dzanja kuti ndikhale chete.

"Bwana, anthuwo ali mu dilowa."

"Mwati chiyani mayi?"

"Ya pansiyo. Tatsegulani."

Anatsegula. Kamawu kaja kanamveka bwino tsopano: "Kodi kuli anthu kumeneko?" Abwana anakoka mahedifoni, koma waya sanafike ngakhale m'mawondo. Mfundo yanga ija (ndimamanga yoti Tadala asamasule) inakana kumasuka. Ndinathamangira mpeni, iwo n'kukalipa monong'ona, "Musakhudzenso kanthu!"

Ndiye munthu wamkulu, wa suti, anagwada pansi, mutu n'kuulowetsa pafupifupi mu dilowa, n'kuvala mahedifoni. Cholankhulira chija sakanachibwezera pa foni, ikanaduka. Anandipatsira ine. Ndinaima pambali pawo nditachinyamula m'mwamba ndi manja awiri, iwo ali chogwada, "Eya bwana... tili okonzeka bwana... ayi, netiweki inavuta pang'ono."

A Fatuma anatipeza choncho. Anaima pakhomo, thonje lili m'kamwa, n'kufunsa, "Kodi kwayambika mapemphero?"

Foni itatha, abwana anadzuka pang'onopang'ono atagwira msana. Ntchito ya ku Makata inali itapezeka, koma sanaseke. Anakuntha mawondo, n'kuyang'ana kansanza kaja, n'kuyang'ana chitenje chimene ndinavala. Maluwa ake amodzimodzi.

"Ndine bwana," ndinafulumira. "Ndimafuna pakhale paukhondo. Pepani."

A Fatuma anatembenuza foni, n'kusinthanitsa mawaya awiri aja, basi zatha. Anandionetsa tizithunzi pambali pa mabowo. "Achemwali, aka ndi ka mahedifoni, aka ndi ka cholankhulira. Simunatione?"

Ndinationa. Ndinkayesa ndi zokongoletsa.

Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zokauza amuna anga. Kenako abwana anati, "Mukanakhala chete, bwenzi pano tikulira tonse. Mawa mubwere. Koma foniyi muisiye ndi fumbi lake."

Mwezi utatha anandilemba. Foni ija ndimailambalala, nsanza imadutsa patali. Kungoti sabata yatha ndinasuzumira kumbuyo kwa makina osindikizira mapepala. Abale, mawaya ali kumeneko! Ndawerenga kale, alipo asanu, ndipo mabowo ake akuoneka osiyana.