Woperekeza wa pa South Wigston

Mukafunsa Mmalawi wa ku Leicester za Bambo Ephraim Chisale, ayamba waseka kaye, kenako akuuzani chinthu chimodzi: mkulu ameneyu sankalola munthu kukwera sitima popanda womuperekeza. Kaya Mmalawi, kaya mzungu, kaya Mmwenye, bola waponda pa siteshoni ya South Wigston, ameneyo anali mlendo wawo.

Siteshoniyo, kunena zoona, ndi dzina chabe. Palibe ofesi ya matikiti, palibe chimbudzi, palibe wantchito ndi mmodzi yemwe. Pali mapulatifomu awiri, mlatho, ndi kamalo kousapo mvula kokwana anthu asanu, nawonso akhale owonda. A Chisale anagwira ntchito zaka makumi atatu pa siteshoni ya Balaka asanabwere kudzakhala ndi mwana wawo Chifundo, yemwe ndi namwino. Ataona siteshoni yamasiyeyi anagwira pakamwa. M'mawa mwake anatulukira atavala jekete yabuluu, kampango koyera m'thumba, n'kudzilemba okha ntchito.

Mbiri ya malowo ankaithira ngati anabadwira pomwepo. "Inoyi anaitsegula mu 1986," ankatero. "Kale Wigston inali ndi masiteshoni atatu, onse anatsekedwa. Mukudziwa chifukwa chake? Anthu ankangokwera ngati mbuzi, osatsanzikana." Mukati muwatsutse, sitima inkakusiyani.

Kwathu mlendo sanyamula yekha katundu, ndiye tsiku loyamba analanda chikwama cha mzungu wina dzina lake Dave. Dave anayesa wakumana ndi mbava. Anakokanakokana mpaka zipi inaduka, masangweji mbwee pa pulatifomu. Patangotha mwezi, Dave yemweyo ankafika n'kupereka yekha chikwamacho ndi manja awiri. Noorjahan, mayi wa pa famase yogulitsa mankhwala, a Chisale anamuperekeza tsiku lina mpaka pakhomo la sitima chonsecho iye amangodutsa pa mlatho kukagula mkaka.

Ine ndine Rhoda, ndimasamalira okalamba ku Hinckley, ndipo ndinali mlendo wawo wa tsiku ndi tsiku. Ankanditchula mwana wawo, ndipo ankachita kukuwa: "Rhoda, wadya? Nanga juzi ili kuti?" Sitima ikanyamuka ankakupiza kampango kaja mpaka itazimiririka. Tsiku lina anachita zimenezi manijala wanga akuonerera pa windo la sitima, ndipo ku ntchito anandiseka sabata yathunthu. M'mawa wotsatira ndinakaniza chikwama changa.

"Bambo, kuno si ku Balaka. Mukutichititsa manyazi."

Anangopinda kampango kawo bwinobwino n'kukabwezera m'thumba. Kuyambira pamenepo ndinkazungulira pa basi kukakwerera sitima m'tauni, kuti ndisakumane nawo.

Patapita miyezi iwiri anandiimbira foni.

"Mwana wanga, ndabukitsa tikiti. Lachinayi ndikwera ya teni koloko."

Ndinaseka, chifukwa pa zaka zisanu ndi zinayi zonse zimene anakhala ku Leicester mkuluyu anali asanaikwereko sitimayo.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kumudzi. Chifundo atsogola ndi masutikesi pa galimoto, tikakumana ku eyapoti ku Birmingham. Ine galimoto ndakana, ndichokera pa siteshoni yanga. Udzandiperekeze."

"Ndiona, bambo, ngati sindikhala bize."

Lachinayilo ndinali pa ofu. Ndinakhala m'nyumba n'kumachapa makatani, mtima ukuti ndi holide chabe, abweranso, tidzakambirana. Sindinkadziwa kuti madokotala anali atawauza kale kuti masiku atsala ochepa. Anamwalira ku Balaka patatha milungu isanu ndi umodzi.

Za tsiku la ulendolo anandiuza ndi Noorjahan, amene anapezeka kuti wakwera sitima yomweyo. Teni koloko anthu a ntchito amakhala atapita kale, choncho pa pulatifomu panali iwo awiri basi. A Chisale ananyamula okha kachikwama kawo. Zitseko zitatseguka anaika phazi limodzi m'kati, lina kunja, maso ali ku mlatho. Munthu amene moyo wake wonse ankalalatira ochedwa anapempha kondakitala kuti adikire miniti imodzi.

"Mwana wanga akubwera," anatero. "Yamuchedwetsa ndi basi."

Kondakitala anadikiradi pang'ono, kenako anawalowetsa mwaulemu.

Ndinabwerera ku South Wigston, ndipo ndimakwerera pomwepo masiku ano. Kamalo kousapo mvula kadakalipo, mlatho ndi womwewo. Dave amanyamula yekha chikwama chake, anthu amakwera maso ali pa foni, sitima n'kumapita popanda woiyang'ana. Zimandipweteka, ndipo palibe woti ndingamupepese. Ndikamatsika mlatho uja ndimafulumiza mapazi ngakhale nthawi ikadalipo, ngati kuti miniti anandipemphera ija sinathe.