Malegeni a ku Kande

Mpaka lero ndikamva fungo la chubu cha njinga, manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo.

Ine ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditaya kuno ku Chintheche kalekale. Ndinali mayi wathupi, mtundu uja woti kondakitala wa minibasi akakuona amayang'ana kumbali. Kenako kuchipatala anandipeza ndi shuga, n'kundiuza mosapsatira kuti ndikapanda kuchepetsa thupi ana anga alira msanga. Ndinasiya mandasi, tiyi n'kumamwa wosatsekemera, m'mawa uliwonse n'kumayenda cha ku Bandawe ndi kubwerera. Patatha zaka ziwiri mafuta anapita, koma khungu silinalandire uthengawo. Linatsala lendelende m'mikono ndi pamimba ngati thumba lothera chimanga (ndikamafufuta pa bolodi, ana ankaonerera mkono m'malo mwa masamu).

Kuno munthu ukaonda sakufunsa, amangokunong'ona. Ndiye mwana wanga Tadala atapeza mnyamata wa ku Kande, anandiuza kuti mayi a mnyamatayo, anyaChirwa, akumafunsafunsa za matenda anga. Mtima unandiwawa. Ndinaopa kuti banja la mwana wanga litha lisanayambe, anthu poganiza kuti kwathu kuli nthenda yobisa. Atatiitana kuti tikadziwane, ndinalumbira kuti akandiona wolimba ngati mtsikana.

Paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Sindinafunse munthu. Ndinapita kwa wokonza njinga n'kupempha machubu awiri otha, ati ndikamangire mpanda. Kunyumba ndinawang'amba malegeni, ndipo m'mawa wa ulendowo ndinadzitsekera kuchipinda n'kudzikulunga kuyambira m'chiuno mpaka pachifuwa, kenako mikono yonse iwiri. Nditavala diresi la manja aatali, pagalasi panaima mayi woti ine ndemwe ndinamusirira. Kungoti mayiyo ankapuma theka.

Unali mwezi wa Okutobala. M'minibasi thukuta linayamba kusewera pansi pa mphira, ndipo bambo wina amene ndinakhala naye anauza dalaivala kawiri konse kuti tayala likupsa. Ine maso pawindo.

Ku Kande anatilandira pamkeka pansi pa mtengo wa mango, abale ali mbwee. Ndiye mudziwe kuti aliyense amabwera payekha, kugwada, kukupatsa dzanja ndi moni wa Chitonga, "Mwe uli, ama?" Iwenso uweramire kutsogolo uyankhe. Ndikawerama, legeni linkandiluma m'nthiti. Pofika munthu wachikhumi zala zanga zinali zitatupa ngati nthochi, zosamva kanthu. Atabweretsa kondowole, nsima ya chinangwa, ndi nsomba, ndinalephera ngakhale kutema mbamu. Ndinati ndakhuta. Azimayi anayang'anana, ine n'kuona kuti mlandu umene ndinabwera kudzaukana ndikuuvomera ndekha. Ndinati ndiimirire ndikapume mphepo, ndipo mtengo wa mango unazungulira.

Ndinatsitsimuka kuseri kwa nyumba, azimayi atandizinga, diresi atalimasula. AnyaChirwa anali chigwadire, mpeni wotumbulira nsomba uli m'manja, akuopa kudula. Ankaganiza kuti ndi mankhwala a kwa sing'anga, oti ukawadula mwini wake amatsirizika. Wina anali atayamba kale pemphero.

"Dulani, mayi," ndinatero ndi kamawu ka udzudzu. "Ndi chubu cha njinga."

Anadula. Mimba yanga inatsika pang'onopang'ono pamaso pa apongozi onse a mwana wanga, mikono n'kutsatira. Ndinaulula zonse, za shuga, za khungu, za mantha anga, misozi ili chuchuchu. Palibe anaseka (anadzaseka pambuyo pake, ndipo ndikumva kuti akusekabe). AnyaChirwa anandifunditsa chitenje chawo n'kundiuza kuti ankafunsa za ine chifukwa amuna awo nawonso ali ndi shuga, maso ayamba kuchita khungu, koma mankhwala ndi malangizo akukana.

"Timafuna akuoneni, ama, adziwe kuti munthu amatha kulimbana nayo," anatero. "Ndiye mwabisa chimene tinakuitanirani."

Madzulo asanakwane ndinakhala pakhonde ndi bambowo, manja a diresi nditapinda, n'kuwaonetsa mikono yanga ngati satifiketi. Anaigwira, n'kufunsa ngati tiyi wopanda shuga amazolowereka. Ndinawanamiza kuti inde.

Titatsika minibasi pobwerera, ndinkadikira kuti Tadala andikalipire za manyazi amene ndinamuchititsa, koma atatsegula pakamwa ananena zina.

"Amayi, zaka ziwiri ndakhala ndikupemphera kuti shuga asakutengeni. Ndiye mukanafa ndi chubu cha njinga chifukwa cha ine?"

Ukwati unachitika, ndipo ndinavina ndi bulauzi ya manja aafupi imene anandisankhira yekha, mikono ikuvina nyimbo yakeyake. Ndisaname kuti ndinazolowera, pagalasi ndimadandaulabe. Koma khungu limeneli ndi la munthu wamoyo, ndipo mwana wanga amalikumbatira lonse.