Lipenga Langa ndi Koluna ya ku Tete

Lolemba

Nkhani yabwera ndi a Komandante eni ake, tikukweza mbendera kusikola. Loweruka kufika koluna yochokera ku Tete, magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo m'galimoto limodzi mudzakhala shefi, mkulu wa zachikhalidwe. Akufuna oimba okalowa banda ya mumzinda. Aliyense wodziwa kuliza kanthu aonekere pabwalo la sikola.

Aliyense? Pa Furancungo pano wodziwa kuwerenga nyimbo papepala ndi mmodzi, ndipo ndi amene akulemba zinozi.

Ndatsitsa lipenga kudenga. Lakhala m'saka zaka zitatu, chibwerereni ku Beira kumene ndinaphunzira uphunzitsi. Kumeneko mkulu wina woimba m'mabala a kudoko anandiphunzitsa jazi: anzako akuliza maziko a nyimbo, iwe n'kumapeka nyimbo pomwepo pamwamba pake, osayang'ana pepala. Mazikowo amawatchula kuti buluzi. Dzinali sindinatche ndine. Mayi a Rozita, akazi anga, nditawauza ayang'ana kukhoma, kenako atenga tsache.

Dongosolo:
1. Esikala ya buluzi, makwerero a mawu asanu ndi limodzi, kukwera ndi kutsika, m'matoni onse khumi ndi awiri, ndiwo malo oyambira nyimbo. Atatu patsiku. Lachisanu kupumitsa milomo.
2. A Bonifasiyo, enifelimeru, namwino wa kuchipatala, andilizire viyola, gitala yawo. Avomera kale.
3. Mayi a Rozita asadziwe za ku Tete mpaka kalata yondiitana itatuluka. Chaka chino tagona kutchire kambirimbiri, mwana ali kumsana, kuthawa mfuti. Sindikufuna kuwapatsa chiyembekezo kenako n'kuwalanda.
4. Kuchapa malaya oyera.

Ndapukuta lipenga ndi phulusa ndi ndimu. Likuwala moti ndikuonamo mano anga onse. Lero sindinalize, ndangoligwiragwira kuti manja akumbukire. Matoni atatu a lero ndiwaonjezera pa a mawa.

Lachiwiri

Kukungocha. Ndaima kuseri kwa sikola, pa nthochi. Ndatseka maso, ndapuma, ndaliza. Mawu oyamba atuluka athunthu ngati sindinalekepo. Ndakwera esikala yonse, ndatsika, ndakweranso.

Potsegula maso, vila yonse ikuthamanga.

Zimene ndaona:
Amayi a kuchitsime ataya zidebe.
Asilikali alumphira m'maenje awo, wina nsapato imodzi ili kumanja.
Odwala awiri a a Bonifasiyo, amene dzulo amawanyamula popita kuchimbudzi, awasiya enifelimeru wawo m'mbuyo.
Mayi a Rozita andidutsa ndi mwana ndi mtolo. "Thawani bambo, mwaimiranji ndi chitsulo?"

Ndathawa. Ndilembe zoona, ndathawa nawo mpaka kuphiri, lipenga lili m'khwapa, ndikudabwa kuti adaniwo alowera mbali iti. Kuphiri kuja wina wafunsa kuti analiza lipenga lochenjeza ndani. Anthu onse ayang'ana m'khwapa mwanga.

A Komandante sanakuwe. "Apolofesolo, pa vila pano lipenga limatanthauza chinthu chimodzi. Mukalizanso m'mawa, ndikutsekerani pamodzi ndi mbuzi zogwidwa m'minda." Andilola masana okha, m'nyumba, motsitsa. Ndikutuluka awonjezera kuti, "Koma mawu muli nawo. Alonda a kumlatho amva."

Kumlatho! Munthu amayenda ola lathunthu kukafika kumlatho.

Mchere wathu wa mwezi uno wataikira mumtsinje pothawa. Mayi a Rozita sakundilankhula. M'kalasi ana akhala chete kuposa masiku onse, ndikuganiza kuti ndi ulemu.

Matoni khumi ndi awiri ndi a munthu wokhala pamtendere. Nditenga asanu ndi limodzi.

Lachitatu

Chotsekera mawu ndachipeza: mbatata ya kachewere, imodzi mwa zimene achimwene anatumiza kuchokera kwathu ku Tsangano. Yalowa kukamwa kwa lipenga ngati anachita kuiyeza. Tsopano likulira ngati mwana wa ng'ombe wagwera m'chitsime, koma palibe wathawa.

Masana, m'chipinda chosungira mankhwala kuchipatala. Mankhwala mulibe, malo ndi ambiri. Viyola ya a Bonifasiyo ili ndi nsambo ziwiri zenizeni, zinazo ndi mawaya a njinga.

Ola loyamba latha ndi mkangano. Ndikaliza mawu amene ine ndimawatcha do, iwo akuti dzina lake ndi si bemolo. Ndawafotokozera kuti lipenga limabadwa choncho, limanena dzina lina n'kutulutsa mawu ena. "Ndiye ndi labodza," atero a Bonifasiyo. Tagwirizana kuti asunthe zala ndi iwo.

Kenako maziko. Makompaso khumi ndi awiri, iliyonse kugunda kanayi, malo atatu okha. Ndawapangira fanizo langalanga, ndipo ndi labwino: anayi uli pakhomo, awiri kuchitsime, awiri pakhomo, imodzi kumsika, imodzi kuchitsime, awiri pakhomo. Ukafika, uyambirenso.

Anayi oyamba akuyenda bwino. Akafika kuchitsime sabwerako. Dzanja lawo limangolowa nyimbo ya pa ukwati, phazi n'kuyamba kuvina lokha. Tayesa kasanu ndi kawiri, maukwati asanu ndi awiri.

Ndawaonetsa chinsinsi cha esikala yonse, mawu aja okhota, okhala pakati pa awiri, amene umachita kuwapinda ndi mlomo. Amvetsera mutu uli pambali.

"Amenewa ndi amene munakatenga ku Beira? Amayi anga amaimba choncho akamasinja."

Ndawayankha kuti amayi awo sankadziwa kuti ndi esikala.

"N'chifukwa chake sankalakwitsa."

Sindinayankhe chifukwa kwabwera mayi wodwala pakati ndipo a Bonifasiyo athamangira kumeneko. Yankho ndili nalo, ndidzawapatsa.

Matoni atatu akwanira. Mbatata ija yadyedwa madzulo.

Lachinayi

Kuzizira kwa kuno kwanding'amba mlomo wapamwamba. Pang'ono chabe. Vuto lalikulu ndi pisitau yapakati, mwa zitatu zija zodina ndi zala: ndikaidina ikukhala pansi, osabwerera. Mafuta ake enieni anatha ndili ku Beira.

Ndatapa theka la supuni m'botolo la mafuta ophikira. Ndaiwala kuti botololo mayi a Rozita analiimira pamzere wogula kuloja tsiku lathunthu, ndipo analimanga kaulusi posonyeza pamene mafuta afika.

"Dzana mchere, dzulo mbatata, lero mafuta. Chitsulochi chikudya kuposa mwana. Bambo a Rozita, mukufuna chiyani kwenikweni?"

Mfundo yachitatu ya dongosolo yagwa pamenepo. Ndanena zonse: shefi, banda, nyumba ya boma ku Tete, sikola ya Rozita akadzakula. Ayang'ana botolo lili m'manja mwawo.

"Ku Teteko anthu amagona m'nyumba mpaka kucha?"

Ndati eya.

"Ndiye mwakhaliranji pansi? Lizani."

Atapanso mafuta okha, supuni yodzaza.

Kuyambira pamenepo ufulu ndilibe. Malamulo awo:
Osadya tsabola.
Osaseka, mlomo ungang'ambikenso.
Osacheza. Mphunzitsi mnzanga wabwera kudzabwereka choko, amubweza pakhomo.
Ndikapuma nthawi yoposa kumwa madzi, akugogoda chitseko ndi mthiko.

Chotsekera chatsopano ndi chidutswa cha kapulana, chitenje chawo chakale. Ayambanso kuweruza. "Pokwera mukukwera bwino, koma potsika mukuchita ngati mwaterereka pamatope." Munthu amene Lolemba amafuna kupha buluzi ndi tsache! Koma pa kutsikako akunena zoona.

Toni imodzi: fa. Mkulu wa ku Beira uja sindinamumvepo akuliza ina akaledzera, ndipo anthu ankamuombera m'manja.

Lachisanu

A Bonifasiyo apita. Kumidzi ya ku Chidzolomondo kwamenyedwa dzulo, kuli ovulala, ndipo anyamuka m'mawa ndi asilikali, bokosi lili pamutu. Viyola aisiya pakhomo pathu ndi kapepala: "Ndibwera Loweruka msewu ukalola. Pa tsikulo musaikemo mbatata." Kapepalako ndakawerenga katatu. Nthabwala zandithera. Mulungu awayendetse.

Maziko aliza ndani tsopano? Munthu sungapeke nyimbo pamwamba pa mphepo.

Mayi a Rozita atuluka. Abwera ndi mayi Selina ndi mng'ono wawo, othawa nkhondo amene amagona m'kalasi yakumapeto chichokereni kwawo. Abwera ndi mtondo ndi misi iwiri. "Chimanga chathu chikufunika kukonola. Auzeni za pakhomo ndi kuchitsime zija."

Ndafotokoza. Misi ikagunda kanayi, ndiyo kompaso imodzi. Mayi a Rozita azitchula malo, iwo azing'ung'udza mawu ake. Mayi Selina awerenga ndi zala, kenako ati, "Mwini nyimboyi ndi waulesi, nthawi yambiri ali pakhomo."

Koyamba: ndasochera kumsika.
Kachiwiri: mng'ono uja waseka, musi wamupulumuka.
Kachitatu: nyerere zotsata mafuta zatuluka m'mapisitau n'kukwera m'zala. Ndapitiriza. Munthu wamba akanataya lipenga.
Kachinayi: bwinoko.

Kachisanu sindikudziwa chimene chachitika. Misi ikugunda, amayi atatu akung'ung'udza pansipansi, ndipo ine ndaleka kuwerenga. Esikala ndaiiwala, koma zala sizinaiwale. Ndayamba kachinthu kafupi, ndakabwereza, ndakapinda, kandiyankha. Ndikuganiza za a Bonifasiyo ali pamsewu, ndipo lipenga likunena zomwezo kudzera m'kapulana. Ndafika pakhomo pamodzi ndi misi, osachedwa, osafulumira.

Mayi Selina aima, musi uli m'mwamba. Apukuta m'maso ndi mkono, akuti ndi gaga.

Makompaso khumi ndi awiri anga, opeka ndekha, pa Furancungo, pa nthawi ya nkhondo. Ndikulemba kuti zidziwike.

Loweruka

Malaya oyera. Ana a sikola ali pamzere kuyambira m'mawa, timbendera tapepala m'manja. Opikisana nawo: kwaya ya kutchalitchi, a ng'oma atatu, ndi nkhalamba ina ya bangwe imene ikuodzera. Mantha ndilibe.

Dzuwa pamutu: palibe.
Dzuwa litapendeka: fumbi kumsewu. Ana ayamba nyimbo yolandira alendo. Ndi ng'ombe.
Ana awiri akomoka, timbendera tafota.

Chakumadzulo a Komandante atuluka m'chipinda cha radiyo. Koluna yabwerera panjira, mlatho wina kutali uko wawotchedwa. Palibe wafa. Shefi wabwerera ku Tete. Tsiku lina sanatchule.

Sindinayang'ane kumene kwaima mayi a Rozita.

"Anthu adikira tsiku lonse," atero a Komandante. "Apolofesolo, lizani. Chotsekera chotsani." Ayamba atuma msilikali kuzungulira vila kulengeza kuti chimene chimveke si chenjezo, odwala akhale pomwe ali.

Mtondo aubweretsa pakati pa bwalo. Misi yayamba. Ndalowa, mawu onse, opanda nsalu, ndipo akafika kuphiri n'kubwerera. Ulendo woyamba wonse wayenda. Wachiwiri, pa kompaso yachisanu ndi chitatu, mlomo waphulika, magazi pa malaya oyera. Anthu ayamba kuomba m'manja molakwika. A ng'oma alowerera osaitanidwa. Mayi Selina asiya pakhomo ndi kuchitsime, ayambitsa nyimbo ya kwawo, bwalo lonse lalandira. Nkhalamba ya bangwe yadzuka. Ine ndikungodina mapisitau, mawu osatuluka, koma nkhope ndaisunga ya munthu amene akutsogolera.

Fumbi la ovina lisanakhale pansi, kumsewu wa ku Chidzolomondo kwatulukira asilikali ndi machira awiri. Pambuyo pawo a Bonifasiyo, akutsimphina, oyera ndi fumbi, bokosi lopanda kanthu. Ovulalawo ali moyo. Atawagoneka abwera kudzandigwira paphewa.

"Tinaima patsidya, tikuopa kulowa, osadziwa kuti muno muli ndani. Kenako tamva lipenga likukhotakhota. Ndawauza anyamata kuti tiyeni, msilikali saliza choncho, amenewo ndi apolofesolo."

Ndafuna kuyankha, mlomo wakana.

"Koma kuchitsime munachedwa," awonjezera.

Sindinachedwe.

Lamulungu

Mlomo watupa ngati phwetekere. Kutchalitchi ndangoyendetsa mutu. Kudya ndikudyera mbali imodzi.

Tete ali komwe ali, ife tili pano. Kalata yopita kwa shefi ndailemba, masamba awiri, m'Chipwitikizi chosalala. Idikira koluna, koluna idikira mlatho. Magazi pa malaya sakuchoka. Mawa kalasi, ndipo ndauzidwa kale kuti kudimba kukufunika munthu.

Mayi a Rozita sananene mawu amodzi odandaula. Amasula mtolo umene sindinadziwe kuti anamanga, abweza mbale m'malo mwake. Masana ndaona kuti pabwalo pali zii. Ndafunsa ndi manja kuti nkhuku zathu ziwiri zili kuti.

"Ndinawapatsa mayi Selina Lachisanu, mutatha kuliza muja. Ndinaona kuti basi, tapita. Pa koluna salola nkhuku."

Anditumiza kukazipempha, poti mwini nkhani ndine. Ndayenda mpaka kalasi yakumapeto, chipewa m'manja. Mayi Selina andilandira bwino, andipatsa mpando. Nkhuku anadya dzulo, zonse ziwiri, ndi onse a m'kalasimo, pokondwera kuti sitikuchoka. Andisungira chiwindi, akuti ndi chofewa, mlomo supweteka.

Ndadya. Chinali ndi tsabola.

Tilibe mchere, tilibe nkhuku, mafuta atsika pansi pa kaulusi. Koma mkazi amene amamanga ulusi pabotolo anandimva ndikuliza kamodzi, n'kupereka nkhuku ziwiri. Shefi akanangondipatsa kalata.