Seva ya Nyimbo za Abambo

Lolemba

Katundu wa achimwene wafika kuchokera ku Joni. Kondakitala wanditsitsira katoni pa siteji ya Mtakataka, ndabwera nayo pa kabaza. M'katimo:

kompyuta yakale, batire inafa, imangoyendera magetsi
masipika awiri, ina yong'ambika pakamwa
zingwe zopiringizana ngati matumbo a mbuzi
fulashi, yomangidwa m'sokosi

Nkhani ili pa fulashiyo. Achimwene atha nthawi yaitali akusamutsira m'menemo makaseti onse a abambo, aja ankakhala m'sutikesi pansi pa bedi.

Ndilembe chifukwa chake, kuti pofika Lachitatu ndikatopa ndizikumbuka. Abambo mutu sukugwiranso bwino. Dzuwa likapendeka amavala chipewa n'kuyamba ulendo wa ku Golomoti, akuti akukasoka, chonsecho makina awo anagulitsidwa ine ndisanakwatiwe. Sabata yatha anthu anawapeza pakati pa msewu waukulu, malole akuwapatuka. Achimwene akuti ndizikhoma chitseko ndikamapita kogulitsa tomato. Ndakana. Munthu amene anandisokera yunifolomu yanga yoyamba sindingamutsekere ngati nkhuku.

Koma akamva nyimbo za nthawi yawo amakhala pansi, sasuntha. Vuto n'lakuti pa wailesi saziikanso. Ndiye achimwene akuti tiike seva. Ndafunsa kuti seva n'chiyani. Ayankha pa foni: "Ndi kapulogalamu kogwira ntchito kuseri, chemwali. Simukaona. Kompyuta ikangoyaka, iko kayamba kuimba kokha. Inu mumangokalamula ndi foni."

Ndinagwirapo ntchito ya taipi mu ofesi ku Lilongwe. Kiyibodi sindiiopa. Mawa nyumba ino ilira nyimbo!

Lachiwiri

Nyumba ili zii.

Seva ilibe mabatani. Ilibe chithunzi. Ndi sikirini yakuda ndi kamzere kophethira, basi. Zofuna zako zonse umazilemba mu fayilo ya makonzedwe, ngati ukulembera bwana wosamva. Achimwene akutumiza malangizo pa mauthenga a mawu, ali ku ntchito, kumbuyo kukumveka makina odulira zitsulo.

Zimene seva ikufuna kuuzidwa:
nyimbo zili mu foda iti
mawu atulukire kuti
foni ilowere pa khomo la nambala yanji

Zonse ndalemba. Ndayatsa. Yayankha m'Chingerezi kuti ilibe chilolezo cholowa mu fulashi. Chilolezo! M'nyumba mwanga, pa tebulo langa.

Abambo akhala pambali panga, akuyang'ana zala zanga. Afunsa ngati ndi kanema, nanga anthu ake atuluka liti.

Ndikukumbukira wailesi yawo pa khonde la sitolo ku Golomoti. Inali ndi diresi yake, anaisokera okha, ya maluwa ofiira, yokhala ndi kathumba ka makaseti. Batire zikafooka ankandituma kukaziyanika pa mwala. Kaseti ikatafunidwa, pensulo. Palibe tsiku limene wailesi ija inapemphapo chilolezo kwa munthu.

Masana avala chipewa. Ndawabweza ali pa mtengo wa mango wa aNambewe, oyandikana nawo nyumba. Ndawauza kuti lero ndi holide, masitolo atseka. Andiyang'ana mokayika, koma abwerera.

Tomato akupsa m'dengu.

Lachitatu

Ndapeza nzeru yanga. Popeza seva ikukana fulashi, ndaiuza kuti isake nyimbo paliponse m'kompyuta, fulashinso ndailumikiza momwemo. Yavomera. Ikusonyeza kuti ikuimba, nambala zikuyenda, koma kulibe mawu. Achimwene akuti mawu akupita ku chingwe cha kanema chimene tilibe. Ndasintha mzere umodzi.

Yalira!

Gitala wouma uja, ndi mawu a m'mphuno a oimba akale, ndi kachiphokoso ka kaseti kokhala ngati mvula pa malata. Ndaimirira pakati pa nyumba osadziwa chochita ndi manja. Abambo avula chipewa okha, achiika pa bondo.

ANambewe amva, abwera ndi lichero lawo la mtedza kudzamvera nawo pa khonde. Ndawaonetsa pa foni momwe ndimadumphitsira nyimbo ndili chikhalire. Ndadina poti izisakaniza zokha. Ndinali ndi matama, ndisabise.

Ndinaiwala kuti dzulo ndinasamutsira m'kompyuta zinthu za m'foni mwanga kuti mupezeke malo. Mauthenga a mawu ndi momwemo. Kwa seva, chilichonse chotulutsa mawu ndi nyimbo.

Nyimbo ya gitala itatha, masipika onse awiri ayankhula ndi mawu anga. Uthenga umene ndinatumizira alamu anga mwezi watha. Ndikufotokoza bwinobwino, mosathamanga, kuti mbuzi za aNambewe zili ndi ulemu kuposa mwini wake, chifukwa izo zikadya zako zimachokapo.

Ndadina foni. Yakana. Ndadinanso, yakweza mawu. Mpaka ndazula chingwe kukhoma.

ANambewe atola mtedza wawo, ngakhale umene unagwera pansi, n'kumapita. Abambo akuti woimba ameneyo mawu ake ndi oipa.

Lachinayi

M'mawa ndapita kwa aNambewe ndi tomato wabwino, wosankha. Ndakhala pansi, ndapepesa. Andisiya ndiyankhule mpaka mawu andithere. Kenako ati: "Za mbuzizo ndi zoona. Koma mukanandiuza nokha, osati kutuma makina." Tomato alandira.

Ndakonza fayilo. Tsopano seva ikuona fulashi yokha. Chilolezo chija achimwene andiphunzitsa kupereka, ndi mawu ochepa chabe, ndachita manyazi. Ndaikanso zoti iziyamba yokha magetsi akabwera, chifukwa kuno amathima ngati akusewera.

Chokhumudwitsa: ndimaganiza kuti ndizitha kuilamula ndili ku msika ku Golomoti. Ayi. Foni ikumvana ndi seva pabwalo pano pokha. Ndayesa. Pa khonde ikumva. Pa chimbudzi ikumva pang'ono. Ukafika pa mjigo yaiwala kuti ndiwe ndani.

Koma masana a lero sindiwaiwala. Takhala awiri, kunja kukutentha moti nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Nyimbo iliyonse ikayamba, abambo akutchula zovala. Iyi akuti ankasoka madiresi a kwaya ya ku Mua, onse a buluu, nsalu inaperewera wa alto mmodzi wonenepa. Iyi, suti ya mkulu wa pa siteshoni ya sitima, amene ankafuna matumba ambiri kuposa zinthu zoikamo. Munthu amene sakumbuka ngati wadya, akukumbuka m'chiuno mwa anthu amene anagona kalekale.

Itafika ina yapang'onopang'ono, ati amayi ankaikonda, ankabwera ndi chakudya pa khonde paja n'kuchedwa dala kuti ithe kaye. Sindinkadziwa. Ine ndinkangoona amayi akuimirira ndi mbale, ndinkati akudikira kuti abambo asambe m'manja.

Chipewa lero chatsala pa msomali.

Mawa ndipita ku msika. Chitseko ndisiya chosakhoma. ANambewe avomera kumaponyako diso.

Lachisanu

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi.

Ndachoka m'mawa nyimbo zikulira bwino, mawu apakatikati, abambo ali pa mpando wawo. Tomato akuyenda. Dzuwa lili pamutu, mayi wina wogulitsa usipa wabwera, wandigwira dzanja, akuti pepani. Wina wanditengera dengu. Wa kabaza wakana kuti tikambirane mtengo, akuti kwerani basi mayi. Palibe wondiuza chinthu.

Zimene zinachitika n'zakuti magetsi anathima, kenako anabwera. Seva inayamba yokha monga ndinaiuzira. Koma sindinaiuze ziwiri: iyambire pati, ndi mawu akhale otani. Ndiye inayambira pa foda yoyamba, mawu mpaka kumapeto. Foda yoyamba pa fulashi ya achimwene ndi nyimbo za kwaya za pamaliro.

ANambewe anamva ali ku mjigo. Anathamanga, anaona chitseko chobweza, mpando wa pa khonde uli wokha. Anaitana, zii, nyimbo zokhazokha. Anaopa kulowa mwini nyumba palibe. Anayamba kulira. Ena anamva kulirako.

Ndafika ndapeza amayi adzaza khonde, azibambo akhala pansi pa mtengo, wina wabweretsa kale nkhuni. Ndaponya nsapato, ndalowa kuchipinda. Bedi loyalidwa bwino. Mulibe munthu.

Ndatuluka, ndipo ndawaona abambo. Anali atagona kuseri kwa bafa pa mthunzi, phokoso lawadzutsa. Azungulira nyumba pang'onopang'ono, avula chipewa, akhala kumapeto kwa azibambo mwaulemu wonse. Aweramira kwa amene anali pafupi n'kufunsa motsitsa: "Watisiya ndani?"

Bamboyo wadzuka ngati wakhalira moto. Amayi ena athawa, ena akuseka misozi ili m'masaya. Ine ndakhala pansi pa dothi pomwepo, ndalira zenizeni, mochedwa, anthu onse atasiya.

Wina anali ataimbira kale achimwene. Achimwenewo anali atapempha kale tchuthi kwa bwana wawo.

Nkhuni zija mwini wake wabwerera nazo.

Loweruka

Achimwene sakuseka. Akuti foda ya maliro ichoke lero lomwe. Anditumizira mzere woti ndilembe pa sikirini yakuda, akuti ndikopere ndendende.

Ndakopera. Zala zanga za ku ofesi zili ndi chizolowezi chake: mawu akatha, chala chachikulu chimagunda mpata chokha. Chagunda pamene sipanafunike mpata.

Kompyuta sinafunse kanthu. Lachiwiri inkafuna chilolezo pa chilichonse, lero yangomvera. Kagetsi ka fulashi kaphethira kanthawi, kenako kasiya. Chifukwa cha kampata kaja, m'malo mwa foda imodzi yafufuta mafoda onse.

Zapita:
za maliro
za gitala
za kwaya ya madiresi a buluu
ija amayi ankachedwera dala

Ndaimbira achimwene. Kumbuyo kwawo makina odulira zitsulo akulira. Ndafunsa ngati anasunga zina kwawoko. Akuti zinali pa kompyuta imene anatumiza kuno, anazifufuta kuti ndipeze malo. Makaseti alipo, koma wailesi yosamutsira anabwereka kwa mnzawo amene anabwerera ku Mzimba. Akuti ayesetsa pofika Khirisimasi. Achimwene akati Khirisimasi satchula chaka.

Ndauza seva iwerengenso zimene zatsala. Yapeza nyimbo imodzi. Achimwene akuti inapulumuka chifukwa inagwera kunja kwa mafoda onse, dzina lake linalembedwa molakwika.

Ndaiyatsa. Ndi ya banjo, yothamanga, ya munthu wodandaula kuti njinga yake ilibe mabuleki. Pa makaseti onse a abambo, iyi ndi imene ndinkadana nayo ndili mwana.

Sindinaphike msanga. Ndinangokhala.

Lamulungu

Sindinapite ku tchalitchi. Sindinakonzeke kukumana ndi anthu amene anandilirira abambo dzana.

Ndasintha mizere iwiri yomaliza mu fayilo ya makonzedwe. Mawu akhale apansi nthawi zonse. Nyimbo ikatha, ibwereze. Palibenso china choti ndikonze. Seva ya achimwene, yotha kusunga nyimbo za dziko lonse, ikuimba za njinga yopanda mabuleki kuyambira m'mawa.

Ndatsuka mbale ikulira. Ndasesa pabwalo ikulira. Ndadzipeza ndikuiimba ku bafa, ndadzikwiyira. ANambewe aitana ali kuseri kwa mpanda, akuti ngati njingayo sinaimebe mpaka pano, anthu asonkhe aigulire mabuleki.

Abambo ali pa mpando wawo. Nyimbo ikatha pamakhala kachete pang'ono, kenako banjo ayambanso. Ndipo nthawi iliyonse nkhope yawo imawala, amatembenukira kwa ine. "Iyi ndiye ndinaimva kalekale. Waipeza kuti?"

Poyamba ndimawauza kuti yangotha kumene. Ndasiya. Tsopano ndikungoti achimwene atumiza.

Dzuwa lapendeka, nthawi yawo ya ulendo yakwana, ndipo sanadzuke. Ndayang'ana pansi. Phazi lawo lamanja likukwera ndi kutsika pa simenti, chidendene ndi zala, chidendene ndi zala, motsatira banjo. Manja ali pa maondo, akukankha nsalu imene palibe. Ndawafunsa ngati akufuna tiyi. Akuti ndidikire kaye, atsala pang'ono kumaliza mpendero.

Ndadikira. Mawa ndipita ndi tomato wotsala.