Ndinatchenera akashembe a ku Lupande

Anzanga, ine ndine munthu wathupi, tiyambire pomwepo kuti tisavutane kutsogolo. Si thupi la machipisi a ku Lusaka ayi, ndi lakumtundu. Amayi ali choncho, azakhali anga onse a ku Katete ali choncho, ndipo tikakhala pabenchi imodzi kutchalitchi anthu ena amangodutsa kukafuna malo kutsogolo popanda kudandaula. Kwathu palibe amene ankaliona ngati vuto. Vuto ndinakalipeza kuyunivesite, kumene atsikana amavala timadiresi toti ine mwina ndingalowetsemo mwendo umodzi, ndipo ukalowa mochedwa m'kalasi umamva maso a anthu akukuyeza kumsana.

Amene anandipulumutsa ndi Thandiwe, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, nayenso wodalitsika ngati ine. Iyeyo anali ndi malamulo ake. "Iwe Nelia," anatero tsiku lina atandipeza ndikulimbana ndi zipi ya siketi, "munthu wathupi safuna zovala zambiri, amafuna zovala zanzeru." Ndiye anandiwerengera: thalauzi lakuda la lasitiki m'chiuno, bulauzi yabuluu yaitali yotsika mpaka kubisa kumbuyoku, jekete yakuda yosamanga mabatani kuti izingogwa mbali ziwirizi, ndi taiti yam'kati yogwira mimba kuti isamayende payokha. Akuti chakuda ndi chabuluu zimadula thupi, koma zowala ndi zamaluwamaluwa zimalilengeza. Tinapita kusalaula, kumsika wa zovala zakale, tinafukula milu mpaka kupeza zonsezo ziwiriziwiri, ndipo kunena zoona zinandikhala. Zaka ziwiri zathunthu ndinayenda pasukulupo nditavala zakuda ndi zabuluu zokhazokha, moti mnzathu wina wa m'kalasi anafika pondipepesa maliro.

Chaka chachitatu, ife ophunzira za ulangizi wa ulimi amatitumiza kumaofesi a m'maboma kukaphunzira ntchito ndi manja. Ine maere anandigwera ku Mambwe, kuchigwa cha Luangwa. Milungu yoyambirira ndinkangokhala muofesi kulemba mayina a alimi, kumudzi sindinapondeko. Kenako unabwera uthenga woti a Mwanza, aphunzitsi athu a kuyunivesite, akubwera Lachinayi kudzandiona ndikuphunzitsa alimi. Tsiku limodzi, phunziro limodzi, fomu imodzi. Akalemba zabwino pafomupo ndadutsa, akalemba zoipa ndiye kuti ndibwereza chaka, anzanga adzavala magauni ine ndikuwaombera m'manja. Ndipo a Mwanza ndi munthu woti mano awo palibe wophunzira anawaonapo.

A Sakala, mlangizi amene ankandiyang'anira paofesipo, anandikonzera kalabu ya alimi kumudzi wina wa m'dera la Lupande, kufupi ndi thengo la nyama, kuti ndikaphunzitse kapangidwe ka manyowa mvula isanagwe. Phunzirolo ndinaliloweza mpaka kumalilota. Koma mukudziwa chimene chinkandisowetsa mtendere? Osati manyowa ayi. Ndinkaopa kuti ndikaima patsogolo pa anthu, iwo aziona thupi m'malo momva mawu. Ndiye ndinati Lachinayi limeneli malamulo a Thandiwe ndiwatsata onse, osasiyapo ngakhale limodzi.

Mwezi unali Okutobala. Amene simunafikeko kuchigwa mu Okutobala musamati kwanuko kukutentha, mukunama. Seveni koloko m'mawa thukuta linali litayamba kale, ine ndili pankhondo ndi taiti, kukoka uku, kudumpha, kupuma, kukokanso, mpaka inagonja n'kulowa. Pamwamba pake thalauzi lakuda, bulauzi yabuluu, jekete yakuda. Nditadziyang'ana pagalasi ndinadzigomera ndekha. Ndinati Nelia, lero ngakhale nduna ikhoza kuyamba ndi iyo kukupatsa moni.

Paofesi ndinapeza a Sakala atavala malaya akhaki osuluka ndi chipewa chakutha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anakanda kumbuyo kwa khutu.

"Muli bwanji madamu? Manje mupita so kumunda? Mulibeko chovala china chowala, olo chakhaki?"

Abale, munthu amene wakhala akuuzidwa za thupi lake ndi aliyense, kuyambira kondakitala wa minibasi mpaka telala, khutu lake limakhala ndi chilonda kale. Ine ndinamva ngati akuti zovalazo zandithina. Mtima unapsa nthawi yomweyo.

"A Sakala," ndinatero ndi ulemu wokukuta mano, "za manyowa mundiphunzitse, koma za kavalidwe ndisiyireni, ndimazidziwa."

"Iyayi madamu, sindinena zimenezo, nkhani ni yakuti kumene tiyenda kuja..."

"Zikomo a Sakala, ndamva."

Nthawi yomweyo galimoto ya ofesi inaliza hutala, a Mwanza ali kale kutsogolo ndi dalaivala, fomu ili pamiyendo. Ine ndi a Sakala tinakwera kumbuyo, kubokosi kopanda denga.

Titasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira kafumbi pakati pa mitengo ya tsanya, ndinamva ngati wina wandibaya ndi singano yamoto pantchafu. Kuyang'ana, ndi ntchentche yotuwa, yokulirapo pang'ono kuposa zapanyumba, itakhala phee pathalauzi langa. Ndinaimenya mbama yoti ntchentche ya ku Katete ikanaikidwa m'manda tsiku lomwelo. Iyo inagwa pansi, inadzikung'untha, n'kubweranso.

"Akashembe amenewo," anatero a Sakala akuyang'ana kumbali. "Akonda kuthamangitsa motoka."

Wachiwiri anandiluma paphewa, kupyoza jekete ndi bulauzi yomwe. Wachitatu kumsana. Kumene kunali taiti ndiye kunali phwando, chifukwa nsalu ikamatirira pakhungu choncho iwo amangoboola ngati palibe kanthu. Ndikayang'ana a Sakala ali phee, mwina kashembe mmodzi wosochera n'kutera pachipewa chawo n'kuuluka kubwera kwa ine. Ndinayamba kuganiza kuti kapena magazi a anthu a kumtunda ndi otsekemera. Kufunsa sindikanafunsa, si ndinali nditanena kuti ndimazidziwa? Safunsa anadya phula, ine ndinalidya ndi manja awiri.

Tinafika cha m'ma naini. Alimi anali atakhala kale pansi pa mtengo waukulu wa msikidzi, amayi pamphasa, abambo angapo pamipando, kumbuyo kwawo minda, kuseri kwa minda thengo. Wapampando wa kalabu, Amayi Chulu, mayi wathupi ngati ine ndemwe wa mawu omveka kutali, anatilandira n'kuitanitsa pemphero. Ine ndinati poti galimoto yaima, akashembe abwerera kwawo. Ndani? Anatsika nane limodzi, ndipo anzawo a m'thengo lapafupi anamva kuti kwabwera mlendo. Aliyense atatsinzina ndinapezerapo mpata wodzikanda, koma wopempherayo anafika pa ameni msanga kwambiri.

Ndinaimirira. A Mwanza anavundukula cholembera.

"Muli bwanji nonse? Lero tikambirana za manyowa. Choyamba timakumba dzenje..." Phwa, mbama pantchafu. "Pansi pake timayala mapesi..." Phwa, paphewa. "Kenako ndowe..." Phwa, phwa, kuseri kwa bondo, n'kupondaponda pansi chifukwa wina anali atapeza kakolo. Ndinayesa kupirira, ndinaluma mlomo, koma amene analumidwapo ndi kashembe akudziwa kuti dzanja limapita lokha osakufunsa. Ndinaona a Mwanza akweza maso kuchoka pafomu, nkhope itakwinyika. Mumtima ndinati basi, gauni yapita.

Tsono alimi a kumeneko anazolowera alendo a mabungwe, ndipo mlendo aliyense asanayambe phunziro amawaimiritsa kuti achite kasewero kotakasa thupi, iye akuchita kutsogolo, iwo akutsanzira. Amayi Chulu anandiyang'ana, anayang'ana a Mwanza, kenako anadzuka n'kumanga bwino chitenje. Phwa pantchafu pawo, phwa paphewa, phwa phwa kuseri kwa bondo, n'kuponda pansi. Mayi wina anadzuka, winanso, ndipo posakhalitsa kalabu yonse inali chilili ikudzimenya motsatira ine. Wina anayambitsa kanyimbo ka Chikunda, abambo akuomba m'manja. Ine ndikamenya khosi, anthu makumi atatu khosi. Ndikapotokola msana kufuna kufikira pakati pa mapewa, onse kupotokola msana. Mayo ine! Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo, koma kuleka sindikanatha chifukwa akashembewo sankadziwa kuti tikuimba.

Chimene chinathetsa gule ndi kashembe mmodzi wolimba mtima amene analowa kunsi kwa bulauzi n'kukakhazikika pamzere wa taiti, pamsana penipeni pamene dzanja langa silifika. Ndinakuwa, ndipo sikunali kukuwa kwa nyimbo. Amayi Chulu anakweza dzanja, onse anakhala chete.

"Aphunzitsi," anatero poyang'ana a Mwanza, "kuno tili na mwambo. Mlendo wachizimayi saphunzitsa tisanamuveke zathu. Mutipatseko faivi minitsi chabe."

Anandigwira dzanja n'kupita nane kuseri kwa nyumba yapafupi. Titangobisika anandimenya khofi limodzi pamsana, kashembe uja n'kugwa, kenako anayamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Mwana wanga, anakuuza ndani kuti uvale so? Tayang'ana uko."

Analoza kumapeto kwa munda. Pakati pa mitengo iwiri panali patapachikidwa nsalu yaikulu, mbali ina yabuluu, mbali ina yakuda. Anandifotokozera kuti imeneyo ndi misampha imene a zaziweto amaika. Kashembe akaona chabuluu ndi chakuda amathamangira komweko, akatera amakumana ndi mankhwala n'kufa. Ndinayang'ana nsaluyo, ndinadziyang'ana ndekha. Mtundu wake womwewo, ngakhale kukula kwake sitinasiyane kwenikweni. Kusiyana kwake kunali kwakuti ine ndinalibe mankhwala. Ndipo zimenezi zinalimo m'buku la chaka choyamba, pamutu wa matenda a ng'ombe, kungoti tsamba limenelo ndiyesa ndinaliwerenga ndikuwodzera.

"Ndiye gule uja, amayi?" ndinafunsa ndi mawu ang'onoang'ono.

"Gule wa chani? Ife akashembe tiwadziwa kuchokera tili ana. Tinaona chabe kuti mwana wa eni achita manyazi pamaso pa abwana ake, manje tinati timuthandizeko. Vula ivi, na chomanga pamimba icho uchotse, ungakomoke."

Pamenepo misozi inalengeza, osati ya ululu koma ya manyazi osakanikirana ndi kuthokoza. Anthu oti sanandionepo chibadwire anadzimenya mbama m'kutentha konse kuja kuti ine ndisagwe mayeso. Amayi Chulu anandibweretsera bulauzi yawo yoyera yotakasuka ndi chitenje chachikasu chamaluwa akuluakulu, zonse zimene Thandiwe analetsa. Taiti itachoka ndinapuma mpweya woyamba wa tsikulo.

Ndinabwerera pansi pa msikidzi ndikuoneka mmene ndililimu, osachepa ngakhale pang'ono, amayi akuliza nthungululu. Ndipo mukudziwa? Palibe amene ankayang'ana mimba yanga. Ankafunsa za manyowa. Bambo wina anafunsa ngati ndowe za njovu zingalowe m'dzenjemo poti ng'ombe kumeneko n'zosowa, tinakambirana bwinobwino, tinakumba dzenje lachitsanzo, ine ndemwe ndinagwira khasu. Akashembe awiri atatu ankabwerabe, koma ambiri anali atasamukira kujekete yanga imene Amayi Chulu anaikoleka dala pamtengo chapatali.

Titamaliza ndinapita kwa a Sakala kukapepesa. Iwo anangoti, "Palibe kanthu madamu, chigwa chimaphunzitsa chokha," koma mapewa awo ankagwedezeka. Kenako a Mwanza anandiitana n'kundionetsa fomu. Anali atalemba kuti wophunzirayu ali ndi luso lapadera lotakasa alimi phunziro lisanayambe, ndipo anthu amulandira mpaka kumuveka zovala zawo. Malikisi anali apamwamba kuposa onse amene ndinapezapo kwa iwo.

"Kasewero kaja," anatero ndi nkhope yawo yosaseka ija, "mudzakaphunzitse anzanu tikabwerera kusukulu."

Ndinangoti chabwino aphunzitsi. Ndikanati chiyani?

Tikukwera galimoto, Amayi Chulu anabwera ndi zovala zanga atazipinda bwino, n'kundinong'oneza kuti a Mwanza asamve.

"Mwana wanga, miting'i ya lero ni yoyamba kukhala pansi pa mtengo uja popanda olo mmodzi wa ife kulumiwa. Ubwerenso nthawi yopalira. Usavutike na kuphunzitsa, uzavale chabe vamene ivi, uzaimirire kumapeto kwa munda, ife tizalima mwamtendere."

Kutacha ndinadzuka nditatupa paliponse, ntchafu, mapewa, msana, ngakhale chikope chimodzi. Munthu ndinavala zakuda kuti ndioneke wochepa, ndinabwerako nditawonjezera, moti thalauzi la lasitiki lija linakana kulowa mlungu wathunthu. Ndinalumbira ndili chigonere, ndikudzola mankhwala, kuti zakuda ndi zabuluu zizithera pa tala wa ku Lusaka. Kumunda ndizipita ndi zowala, thupi lioneke lonse mmene analiumbira Mulungu. Kuli bwino anthu andione kuti ndine wonenepa kusiyana n'kuti akashembe andione kuti ndine chakudya.