Mbava Zitatu ndi Ubongo wa Khoswe

Pulani inabadwira m'bala, botolo lachinayi lili pakati. Jenerale, mkulu wa gulu la mbava zitatuzi, anali atamva kuti m'labotale ina ya pansanjika yachitatu muli makina otenthetsa madzi ndi kapampu kodonthezera madziwo pa tizidutswa ta ubongo kuti tisafe. Ubongo wa ndani, sanafunse. Iye anangoti chinthu chokhala ndi mawaya komanso timagetsi tophethira sichisowa wogula.

Sipanala, yemwe chibadwire sanakonzepo kanthu, anavomera. Mphuno, wamtali ngati mlongoti koma wamtima wofewa, anavomeranso poti anzake anali atavomera.

Lolemba m'mawa analowa atavala maovolosi obwereka, akuyenda monyang'wa ngati amisiri. Anayembekezera kupeza chipinda chopanda munthu. Anapeza mayi wofufuza za ubongo, tsitsi lili nyankhalala, maso ali psuu.

"Mwafika tsopano, abambo inu? Masabata atatu ndikukudikirani."

Jenerale asanatsegule pakamwa, mayiwo anafotokoza kuti kapampu kangofa kumene, pomwe kachidutswa ka ubongo wa khoswe, kopyapyala ngati khungu la anyezi, kali kale m'kambale pansi pa maikulosikopu. Madzi akaima, kafa. Akazizira, kafa. Akatenthetsa, kapsa.

Mphuno anapatsidwa botolo lolumikiza kupaipi kuti alinyamule pamwamba pa mutu, madzi azitsika okha. Sipanala mayiwo anamuika pa chotenthetsera, azifuula nambala ikachoka pa 32. Jenerale, munthu woopedwa m'bala monse, anamupatsa kabeseni kowakhira madzi otuluka.

Ola linatha. Manja a Mphuno anachita dzanzi, thukuta lili kamukamu. Jenerale ankamutsinzinira diso kuti azule mawaya azipita, koma maso a Mphuno anali pa kompyuta. Kamzere kobiriwira kanali katayamba kudumpha, ndipo mayiwo anamuuza kuti kumeneko ndi kuyankhula kwa ubongowo. Chibadwire, palibe chinthu chinakhalapo ndi moyo chifukwa cha iye. Misozi inalengeza.

Kenaka chitseko chinatseguka. Analowa amisiri enieni awiri ndi mlonda, yemwe anali kudabwa kuti walembetsa bwanji amisiri kawiri m'mawa umodzi.

"Aise, ponya botololo tithawe," ananong'ona Jenerale.

"Ndiye kamwanaka kafe?" anafunsa Mphuno.

Jenerale anathawa yekha, koma anaterereka pamadzi a m'beseni lake lomwe n'kugwa chagada. Sipanala anafika pakhomo, nambala n'kutsika kufika pa 31, ndipo mwachizolowezi anaifuula n'kubwerera.

Apolisi atafika, mayiwo anawapempha adikire mphindi makumi awiri kuti amalize kujambula. Anadikira. Atamulanda botolo Mphuno, manja ake anakana kutsika. Wapolisi wamkulu anayang'ana unyolo, n'kuyang'ana manja ali m'mwambawo.

"Zaka makumi awiri ndikugwira mbava," anatero, "aka n'koyamba kupeza yodzipereka tisanafike."