Mavenda a m'kamwa mwanga

Lolemba
Dzino lakutsogolo likugwedera, nkhama zikutuluka magazi. Loweruka ndi ukwati wa mwana wanga Tadala, ndipo bambo wa mkwatibwi ayenera kumwetulira pachithunzi.

Adokotala akuti ndi chiseyeye. "Kachilombo kakakhala kokha n'kofatsa, bambo. Koma tizilomboti tikachuluka timauzana, malangizo achibadwa amene amagona m'kati mwawo amadzuka, basi n'kuyamba kumanga timisasa tomata padzino." Akuti ndibwere Lachitatu adzapale.

Kumanga popanda chilolezo! Ine ntchito yanga n'kuthamangitsa mavenda m'misewu ya ku Area 1. Izi ndithana nazo ndekha.

Lachiwiri
Kumsika ndagula:
mswachi wouma ngati wopolishira nsapato
mchere
makala
Chipikisheni m'mawa, masana ndi madzulo. Chenjezo palibe!

Lachitatu
Kwa adokotala sindikupita, akadziwa chiyani za kusamutsa anthu? Nkhama zatupa, koma nkhondo ndi choncho. Mkazi wanga akuti, "Bambo a Tadala, mukutsuka mano kapena mukukwecha poto?" Pakamwa pakuwawa.

Lachinayi
Ndadzuka, lilime likundiuza kuti mavenda a m'kamwa aja abwerera. Pamalo pomwe paja! Kuntchito chimodzimodzi: amayi a tomato amene tinawabalalitsa dzulo ayala kale, mmodzi akundifunsa ngati kunyumba adzuka bwino.

Dongosolo la tizilomboti ngakhale komiti yathu ya ukwati ilibe. Iyo mpaka lero ikukangana za mipando.

Lachisanu
Ndagula kabotolo kopanda dzina kwa venda amene ndinamulanda katundu mwezi watha. Nditavala yunifolomu! "Mankhwala awa ndi a mano, bwana, koma amaphanso nsikidzi." Lilime lachita dzanzi. Dzino likuvina lokha. Kunena zoona, mantha andigwira.

Loweruka
Kutchalitchi zonse bwino, ndikuyimba ndi milomo yokha. Kumadyerero ndayiwala. Nyama ya mbuzi yalowa, yatuluka ndi dzino. Zithunzi za banja zisanayambe!

Wojambula akukuwa, "Adadi, sekani!" Tadala akundinong'oneza, "Adadi, ingotsekani pakamwa." Zandipweteka kuposa nkhama.

Lamulungu
Chithunzi chafika pafoni. Onse mano poyera, ine ngati ndabwera kudzapepesa maliro. Tadala akuti achikulitsa, chikhala pabalaza mpaka kalekale.

Dzino lili m'thumba la jekete. Mawa ndikagogoda kwa adokotala, chipewa m'manja. Anzathu aja akadalipo, lilime likuwamva, akumanga.

Sabata yathunthu ya chipikisheni, wasamuka ndi mmodzi yekha, yemwe anali ndi chilolezo.